Zoipa Zobvala Nsalu ya Ubwino

M'mwezi wa May caka ca 2025, kazembe wa dziko la America mu Zambia panthawiyo, Bambo Michael Gonzales, analengeza mu Lusaka kuti boma lao lidzadula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pa caka, ndiko kuti pafupifupi K1.4 biliyoni. Cifukwa cimene anapereka cinali kuba. Iwo anati pakati pa 2021 ndi 2023 anthu otumidwa ndi ofesi yao anayendera masitolo a mankhwala oposa 2,000 m'dziko lonse, ndipo mwa masitolo amene anali kugulitsa mitundu ya mankhwala imene America amapereka, 95 mwa 100 alionse anapezeka ndi katundu wobedwa. Ena mwa mankhwalawo anali a malungo, a cifuwa cacikulu ndi ma ARV, amene anayenera kuperekedwa kwaulere kwa odwala m'zipatala. Boma linayankha kuti linali litayamba kale kufufuza ndi kucitapo kanthu.

Mkangano wa pakati pa maboma awiri uli ndi eni ake. Koma pali funso lina limene latsala m'manja mwa anthu wamba, ndipo limeneli silingathe ndi kusainirana mapepala. Katoni ya mankhwala iribe miyendo. Kuti icoke m'nyumba yosungiramo katundu ndi kukafika pa shelefu ya sitolo ku komboni, iyenera kudutsa m'manja ambiri: wosunga makiyi, woyendetsa galimoto, kalaliki wosaina kuti katundu wafika yense, mkulu woyang'anira amene aona ciwerengero cikuperewera nayang'ana kumbali, ndi mwini sitolo wogula pa mtengo wotsika modabwitsa osafunsa kumene katunduyo wacokera. Kodi anthu onsewa ndi otani?

Kungakhale kudzinyenga kuganiza kuti onsewo ndi zigawenga zoopsa nkhope, zosiyana ndi anthu ena onse. Kuba kofalikira motere sikungacitike popanda anthu ooneka bwino, opatsa moni mwaulemu, osalephera pa maliro, olipirira ana amasiye sukulu. Munthu wotere atafunsidwa mwamseri sangabvomere kuti ndi mbala. Adzanena kuti anali kuthandiza abale, kapena kuti sakanatha kucititsa manyazi akulu ake a pa nchito, kapena kuti anamvera cisoni mnzake amene akanacotsedwa nchito. Cobvuta n'cakuti mwina sakunama. Cibale, ulemu ndi cisoni ndi zinthu zabwino ndithu. Komatu zoipa zambiri zimene zimadya mtundu wa anthu zimalowa pakhomo zitabvala nsalu ya zabwino zimenezi, ndipo khalidwe la munthu limaonekera pa kutha kwake kuzindikira mlendo wobvala nsalu yobwerekayo.

AKALE ANAZIONA

Anzeru a m'maiko osiyanasiyana anaiona kale nkhaniyi. Aristotle, katswiri wa ku Greece amene anabadwa m'caka ca 384 Khristu asanabadwe ndipo anaphunzitsa mu mzinda wa Athens, anati khalidwe labwino limakhala pakati pa zoipa ziwiri, cina ca kuperewera ndi cina ca kupitirira muyeso. Kulimba mtima kuli pakati pa mantha ndi kudziponya m'ngozi mopanda nzeru. Kuolowa manja kuli pakati pa kuumira ndi kumwaza cuma. Pakatipo sapimidwa ndi cingwe iai. Amapapeza ndi munthu wanzeru amene ayamba waganiza kuti akupatsa yani, akupatsa ciani, nthawi yanji, ndiponso cifukwa ciani. Anaphunzitsanso kuti palibe mwana wobadwa ndi khalidwe lopangidwa kale. Khalidwe limakula ndi zocita zobwerezedwa, monga njira ya ku citsime imene imatseguka ndi mapazi odutsapo tsiku ndi tsiku.

Mpingo wacikhristu nao unasinkhasinkha za cinthu comweci. Evagrius, mmonke amene anakhala m'cipululu ca Egypt m'zaka za m'ma 300, analemba maganizo oipa 8 amene amazunza mtima wa munthu. Papa Gregory Woyamba, amene anayamba kutsogolera mpingo mu 590, anakonzanso mndandandawo, naika kunyada monga muzu wa zoipa zonse. Pambuyo pake mndandanda unakhazikika pa zoipa zazikulu 7: kunyada, umbombo, cilakolako conyansa, nsanje, kususuka, mkwiyo ndi ulesi. Zinachedwa zazikulu cifukwa zimabala zinzake, monga mmene umbombo umabalira bodza ndi cinyengo. Gregory yemweyo, polangiza abusa a mpingo, anawacenjeza kuti zoipa zimakonda kudzicha maina a zabwino. Woumira amadzicha wosamala cuma, womwaza amadzicha woolowa manja, wolekerera amadzicha wacifundo, ndipo waukali amadzicha wacangu pa coonadi.

Acewa sanadikire mabuku kuti adziwe zimenezi. Anati cisoni cinapha nkhwali, pokumbukira nkhwali ija imene inapulumutsa njoka ku moto wa lupsa poilola kuzenga m'khosi mwake, koma itafika kutsidya njokayo inakana kutsika. Mwambiwu sunyoza cisoni; ucenjeza za cisoni copanda maso. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005 ndipo amaoneka caka ndi caka pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete, ali ndi zilombo zimene zimabvina motsanzira makhalidwe oipa, kuti anthu poseka azindikire coipaco, ndipo akadzacipeza m'mitima yao asacisowe dzina. Akulu akanena za wina kuti "uyu si munthu", sakana kuti ali ndi manja ndi miyendo. Atanthauza kuti umunthu, cinthu cimene cimaphunziridwa ndi kusungidwa, wamcokera.

NSALU YA CIBALE

Cibale ndi fupa, siciola. Palibe angatsutse kuti cibale ndico casunga mtundu wa Zambia m'nthawi zowawa. M'zaka za m'ma 1990, pamene matenda a Edzi anali kusesa makolo acicepere mankhwala asanafike, agogo, amalume ndi azakhali ndiwo anatola ana amasiye, nawagoneka pa mphasa imodzi ndi ana ao. Panalibe ofesi ya Boma imene ikanasenza katundu wotere. Munthu wa m'tauni wotumiza ndalama za feteleza kumudzi, kapena wolandira mphwake kuti aphunzire, acita cinthu coyenera kutamandidwa.

Koma cibale comweco cikalowa mu ofesi ya anthu onse popanda malire, cimasanduka cimene anthu amati "wako ni wako". Nchito imapatsidwa kwa mphwake amene sadziwa kuigwira, pamene mwana wa mlimi amene anakhoza bwino akungoyenda ndi makalata m'manja. Nchito yomanga sukulu imapatsidwa kwa mlamu, ndipo denga limasasuka ndi mphepo yoyamba. Munthu wocita zimenezi amadziona monga wacikondi cocuruka, pamene coona n'cakuti cikondi cake cacepa, pakuti cayamba kuwerenga okhawo a magazi ake. Mwana wodwala malungo ku Chama kapena ku Shang'ombo nayenso ali ndi amalume ndi agogo. Makolo amene anati cibale siciola ndiwo amene anatinso mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambi waciwiriwu ndiwo mpanda wa woyambawo.

Mlandu uwu suli pa munthu wa mu ofesi yekha. Abale amene amamtumizira mapempho oposa malipiro ake, osafuna kumva kuti ndalama zatha, ali ndi mbali yao. Ngati munthu wagwira nchito ya Boma zaka 30 mokhulupirika, napuma ali ndi kanyumba kamodzi, pali mabanja amene amamseka kuti anagona. Ngati mnzake wamanga nyumba zisanu pa malipiro omwewo, amamuyamika kuti ndi wocenjera. Ana amamva ziweruzo zimenezi pa nthawi ya nsima, ndipo amazisunga.

NSALU YA KUPATSA

Kupatsa n'kuika, ndipo munthu woolowa manja amakondedwa kulikonse. Koma kupatsa kuli ndi lamulo limodzi losabvuta kumva: coperekedwaco cikhale ca woperekayo. Munthu wopatsa cuma ca anthu onse m'dzina lake akugula ciyamiko ndi ndalama za eni, ndipo oyamikawo ndiwo olipira. Momwemonso mphatso ndi ciphuphu zimafanana nkhope koma zimasiyana mayendedwe. Mphatso imabwera poyera ndipo siyembekezera kanthu. Ciphuphu, cimene a m'tauni amacipatsa dzina loseketsa loti "nicekeleko" kuti cisamveke kuopsa, cimabwera pepala lisanasainidwe, ndipo cimafuna kuti onse awiri akhale cete.

Mbiri ya dziko lino ili ndi citsanzo cimene sicinaiwalike. Malemu Frederick Chiluba anatsogolera bungwe lalikulu la anchito la ZCTU kuyambira mu 1974, anatsekeredwa m'ndende mu 1981, ndipo mu 1991 anapambana cisankho cimene cinatseka nyengo ya cipani cimodzi. Kulimba mtima kumeneko palibe angawalande. Atakhala Pulezidenti anadziwika ndi kupereka mphatso za ndalama ku mipingo ndi magulu ena, ndipo ambiri anaomba m'manja. Mu 2002 Nyumba ya Malamulo inawacotsera citetezo ca kusazengedwa mlandu. M'mwezi wa May 2007, bwalo lalikulu la ku London, pansi pa woweruza Peter Smith, pa mlandu umene Boma la Zambia linasuma, linapeza kuti iwo pamodzi ndi anzao anapatutsa madola pafupifupi 46 miliyoni a Boma, ndiponso kuti madola oposa 500,000 anathera pa zobvala zogulidwa m'sitolo ina ya ku Geneva. Iwo anakana ciweruzoco kufikira imfa yao mu 2011. Mu August 2009 bwalo la majisitireti mu Lusaka linawapeza osalakwa pa mlandu wa kuba, ndipo mu 2010 bwalo lalikulu la Zambia linakana kuti ciweruzo ca ku London cigwire nchito m'dziko muno.

Palibe cifukwa cozengeranso mlandu munthu amene anagona. Kaya wina atsatira ciweruzo ca ku London kapena ca ku Lusaka, phunziro ndi limodzi. Ubwino umodzi suchinjiriza munthu yense. Amene anapirira ndende angathe kufooka pamaso pa ciyamiko, pakuti mayesero a kutamandidwa ndi ena, ndipo amafuna mphamvu ina. Dzina limene mtundu wonse unaimba mu 1991 linali kuchulidwa m'mabwalo a milandu patapita zaka zocepa. Ndipo pakati pa olandira mphatso za atsogoleri, kale ndi lero lomwe, ndi ocepa amene amayamba afunsa thumba limene zacokera.

NSALU YA ULEMU

Ulemu kwa akulu ndi mzati wa mwambo. Mudzi umene ana amayankha akulu mwacipongwe sukhalitsa. Koma ulemu ukapitirira umasanduka mantha obvala bwino. Kalaliki wacicepere aona kuti makatoni afika 80 pamene pepala linena 100, koma asaina, nadziuza kuti akulu adziwa. Mkulu wa ofesi amva mphekesera za wantchito wina, koma poti ndi mwana wa munthu wamphamvu, akumbuka kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka, naileka nkhaniyo. Caka ndi caka lipoti la Auditor General limachula ndalama zolipidwa popanda malisiti, katundu wosadziwika kumene anapita, ndi nchito zolipiridwa koma zosagwiridwa. Kuseri kwa mzere uliwonse wa lipotilo kuli munthu amene anaona nasankha kukhala cete, ndipo kukhala cete kwakeko anakucha ulemu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma pano ofera kuuna ndi odwala amene sanacite nao manyaziwo.

Ulemu weniweni umatha kukana. Mu 2001, pamene kunamveka zoti malamulo a dziko asinthidwe kuti Pulezidenti aimenso kacitatu, bungwe la maloya, mabungwe a mipingo ndi mabungwe a amai anagwirizana m'gulu la Oasis Forum nakana poyera. M'cipani colamula ca MMD momwemo, Waciwiri kwa Pulezidenti, General Christon Tembo, pamodzi ndi nduna ndi aphungu ena ambiri anakana, ndipo anacotsedwa m'cipani. M'mwezi wa May caka comweco Pulezidenti analengeza kuti sadzaimanso. Ena panthawiyo anawacha anthu amenewa osamvera. Koma iwo analemekeza cinthu cacikulu kuposa mpando wa munthu mmodzi, ndipo mwambo wa kusinthana utsogoleri mwamtendere umene Zambia amatamandidwa nao uli ndi ngongole kwa iwo.

NSALU YA CILUNGAMO

Odzudzula naonso asadziyese oyera, pakuti coipa cimadziwa kubvalanso nsalu ya cilungamo. Kumayambiriro kwa 2020, pamene dziko linagwidwa ndi mantha cifukwa ca mbiri ya anthu opopera mpweya woipa m'nyumba, magulu a anthu okwiya anapha anthu pafupifupi 50 powaganizira cabe. Oponya miyalawo anadziona monga oteteza mabanja ao. Kuteteza banja ndi udindo wabwino, koma mkwiyo ndi mantha zinatenga dzina la udindowo, ndipo anthu anafa popanda wofunsa umboni. Ndi mzimu womwewo umene umacititsa kuti nkhalamba yosauka ichedwe mfiti mwana akamwalira m'mudzi, kapena kuti mbiri ya munthu iphedwe pa Facebook ndi WhatsApp dzuwa lisanalowe.

Nsanje nayo imakonda nsalu imeneyi. Pali anthu amene amanena mnansi wao kuti ndi wakuba cifukwa cabe cakuti munda wake wabereka ndipo wafolera nyumba ndi malata. Palinso ena amene amafuula kwambiri podzudzula mbala, pamene cowawawa ceniceni n'cakuti sanagawiridweko. Cozindikirira ndi ici: wokonda cilungamo amadzudzula kuba ngakhale wakubayo ali wa cipani cake, wa mtundu wake kapena wa chalichi cake. Amene amaona kuba kwa adani ake okha akungomenya nkhondo yake ndi cida cobwereka.

MALIRE ALI PATI?

Wina angamve za khalidwe la pakati naganiza kuti ndiye kuti kuba pang'ono kulibe kanthu, malinga munthu asapitirire. Mu 2018 kunabuka mkangano m'dziko pamene Pulezidenti wa panthawiyo, malemu Edgar Lungu, anachula mwambi wa Cibemba wonena kuti wolima m'munda amadya za m'mundamo, naonjeza kuti asadye ndi mbeu zomwe. Anthu anasiyana pa cimene anatanthauza, koma ambiri amene amagwira mwambiwu m'maofesi amaugwira molakwa. Wolima m'munda wa makolo anali kudya mwini munda akuona ndipo atalola. Gawo la wanchito wa Boma ndi malipiro ake, ndipo zonse zotsala ndi mbeu. Aristotle yemwe, mwini ciphunzitso ca pakati, ananenetsa kuti pali zocita zina, monga kuba, kupha ndi cigololo, zimene ziribe muyeso woyenera. Muyeso umafunidwa pa cikondi, pa kupatsa ndi pa mkwiyo. Pa kutenga ca mwini palibe pakati.

Cimene cimathandiza coipa kubisala ndi mtunda umene uli pakati pa wocita ndi wobvutikayo. Wotenga katoni imodzi kuti alipire sukulu amaona nkhope ya mwana wake ikusangalala, koma saona manda amene akumbidwa kutali. Kuyambira mu 2005 ma ARV amaperekedwa kwaulere m'zipatala za Boma, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi amadalira kumwa mankhwalawa tsiku liri lonse. Akadukiza, kacilombo kamapeza mpata wocurukana ndi kuzolowera mankhwala, kotero kuti amene anali kugwira nchito amaleka kugwira. Wodwala cifuwa cacikulu ayenera kumwa mankhwala miyezi 6 yathunthu, apo ayi matendawo amabwerera ali olimba, nafalikira kwa ena. Mwana wosakwana zaka zisanu angathe kufa ndi malungo m'masiku ocepa. Mai wouzidwa kuti mankhwala atha akagule ku sitolo, iye alibe ndalama, ndiye amalipira sukulu ya mwana wa mnzake uja.

Motero munthu wofuna kudziwa ngati cimene acita ndi ubwino kapena ndi coipa cobvala bwino ali ndi mafunso atatu oti adzifunse. Kodi cinthu cimene akupereka kapena kutenga ndi ca yani? Kodi ndani adzalipira, ngakhale ali kutali ndipo dzina lake silidziwika? Kodi angathe kufotokoza cimene wacita pabwalo, mfumu ndi anthu onse akumva, osatsitsa mau? Cibale coona, kupatsa koona ndi ulemu woona zimapirira mafunso onse atatu. Zobwereka nsalu zimagwa pa limodzi la iwo.

MALAMULO NDI CIZOLOWEZI

Zambia sasowa malamulo. M'zaka za m'ma 1970, mu ulamuliro wa Dr Kenneth Kaunda, munali Leadership Code imene inaletsa atsogoleri kukhala ndi malonda ao ali pa mpando. Lamulo la mu 1980 linakhazikitsa bungwe la Anti-Corruption Commission. Mu 2010 kunabwera lamulo loteteza anthu oulula zoipa za pa nchito, mu 2012 lamulo latsopano lolimbana ndi ziphuphu, ndipo mu 2022 kunakhazikitsidwa bwalo lapadera loweruza milandu ya zacuma. Zonsezi ndi zofunika, ndipo ziyenera kugwira nchito mosayang'ana nkhope. Limodzi la madandaulo a kazembe uja linali lakuti ogwidwa anali anthu ang'onoang'ono. Ukonde wogwira matemba okha nusiya nsomba zazikulu umaphunzitsa anthu kuti colakwa ndico kuba zocepa.

Komabe lamulo limafika cinthu citacitika kale. Silingaime pa khomo la nyumba ya katundu iri yonse usiku, ndipo wapolisi ndi woweruza naonso ndi anthu a m'mabanja omwewo. Cimene cimagwira dzanja la munthu pamene palibe womuona ndi cizolowezi cimene anacimanga kale. Palibe amene amayamba ndi kuba lole yathunthu. Amayamba ndi mapepala a mu ofesi otengera ana kunyumba, mafuta a galimoto ya Boma pa ulendo wa ku munda, kusainira ndalama za msonkhano umene sanapiteko. Tsiku loyamba mtima umagunda ndipo tulo sitibwera. Tsiku lakhumi mtima uli phee. Ubwino nao umakula motero. Wokana kacinthu kakang'ono lero adzapeza kuti kukana cacikulu mawa sikumlemera monga mmene kukanamlemerera.

M'mera mpoyamba. M'mwezi wa October 2018 Boma linaimitsa mayeso a m'masukulu m'dziko lonse cifukwa mafunso anali atabedwa ndi kufalitsidwa mayesowo asanalembedwe. Mafunso obedwa sakhala ndi msika popanda ogula, ndipo pakati pa ogula pamakhala makolo ena amene amati acita cifukwa cokonda mwana. Kholo lotere lapatsa mwana wake phunziro loyamba la kuba, ndipo lampatsa phunzirolo m'dzina la cikondi. Mwanayo akadzakhala namwino kapena wosunga makiyi a nyumba ya mankhwala, adzakhala atadziwa kale kuti lamulo ndi la anthu opanda owathandiza. Nkhuyu zodya ana zinapota akulu, koma apa ndi akulu amene athyolera ana nkhuyuzo.

Tsono nchito yomanga khalidwe iri ndi eni ake ambiri. Makolo ayenera kufunsa mwana wobwera ndi cinthu cacilendo kumene wacitenga, ngakhale mwanayo ali ndi ndebvu ndipo cinthuco ndi galimoto. Mabanja apime mapempho ao ndi malipiro a amene akumpemphayo. Mipingo isapereke mpando wa kutsogolo kwa munthu cifukwa ca kukula kwa envelopu yake, ndipo ikhale ndi mtima wobweza copereka conunkha. Mafumu ndi anamkungwi, amene asunga mwambo wolangiza acicepere, aphunzitse kuti cuma ca Boma ciri ndi eni, ndipo eniwo ndi anthu a m'midzi yao yomwe. Akulu a maofesi ateteze wacicepere amene wakana kusaina, m'malo momsamutsira kutali monga cilango. Wogula amene aona mankhwala olembedwa kuti si ogulitsa ali pa shelefu adziwe kuti akugulitsidwa cinthu cake comwe, ndipo ali ndi ufulu wokanena.

Kupatula zonsezi, mtundu uyenera kuphunziranso kulemekeza munthu wokhulupirika. M'dziko muno muli anamwino, aphunzitsi, akalaliki ndi oyendetsa magalimoto ambirimbiri amene amafikitsa ciri conse cimene apatsidwa, nabwerera kunyumba ndi malipiro ao okha. Maina ao samveka pa wailesi. Ngati ana aona kuti anthu otere amasekedwa pamene ocenjera amapatsidwa mipando pa zikondwerero, palibe ulaliki umene udzasintha cimene maso ao aphunzira.

Maiko othandiza angabwere kapena kupita, ndipo tsiku lina Zambia adzagula mankhwala ake onse ndi misonkho ya anthu ake. Ngakhale pamenepo katoni idzakhalabe yopanda miyendo. Idzadutsa m'manja a wosunga makiyi, a woyendetsa galimoto, a kalaliki ndi a mkulu woyang'anira, ndipo aliyense wa iwo adzakhala ndi cifukwa comveka bwino cotengerapo kanthu: mbale wodwala, mkulu woopedwa, mnzake womvetsa cisoni. Mwana wa ku Chama adzalandira mankhwala ake pokhapokha ngati aliyense wa anthu amenewa anazolowera kuyambira ubwana kuyang'anitsitsa cifukwa cabwinoco, ndi kucifunsa kuti nsalu imene cabvala ndi yake kapena yobwereka.